Amuna anga ozimitsa moto atadwala khansa: mmene mungapezere chipukuta misozi cha kuntchito

Amuna anga anagwira ntchito yozimitsa moto zaka 19. Chimene ndimakumbukira kwambiri pa zaka zonsezo ndi fungo. Akachokera kumoto waukulu ankasamba kusiteshoni, n'kudzasambanso kunyumba, koma ngakhale patapita masiku awiri kapena atatu, akangotuluka thukuta usiku fungo la utsi linkabwereranso m'tsitsi ndi m'khosi. Pilo ankada mbali imene ankagonera. Ine ndinkangochapa. Tsiku lina m'mamawa anandiitana kubafa ndi mawu otsika: "Mayi, tabwerani mudzaone." Mkodzo unali wofiira. Sankamva ululu uliwonse, n'chifukwa chake ankafuna kuti tidikire kaye tione. Ndinakana. Patatha milungu itatu dokotala analowetsa kakamera m'chikhodzodzo n'kupezamo chotupa, ndipo zotsatira za kulabu zinati ndi khansa.

Chipukuta misozi cha kuntchito tinachipeza, koma patapita miyezi 14, ndipo pempho lathu loyamba analikana. Ina mwa miyezi imeneyo inatayika chifukwa sitinkadziwa poyambira. Ndiye ndalemba apa zimene ndikanakonda munthu akanandiuza tsiku limene tinatuluka m'chipinda cha dokotala chija. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ngakhalenso chigawo ndi chigawo m'dziko limodzi, koma mafunso amene adzakufunseni ndi omwewo pafupifupi kulikonse, ndipo lililonse limafuna pepala loliyankha.

Choyamba dziwani kuti simukupempha chifundo kwa munthu. Mu Juni 2022 akatswiri a IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, anakumana ku Lyon m'dziko la France n'kuika ntchito yozimitsa moto m'Gulu 1, la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Fodya ndi asibesito ali m'gulu lomweli. Kuyambira 2007 ntchitoyi inali m'Gulu 2B, la zinthu zongoganiziridwa kuti mwina zingayambitse khansa. Umboni wokwanira anaupeza pa mitundu iwiri, khansa ya chikhodzodzo ndi mesothelioma, imene imagwira kachikopa kokuta mapapo ndipo imabwera ndi fumbi la asibesito. Pa khansa ya matumbo aakulu, ya prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo), ya mavalo, ya pakhungu yotchedwa melanoma komanso ya maselo oteteza thupi yotchedwa non-Hodgkin lymphoma anati umboni ulipo koma ndi wocheperapo. Ku United States bungwe la boma la NIOSH, loona za umoyo ndi chitetezo cha ogwira ntchito, linafufuza za ozimitsa moto pafupifupi 30,000 a ku Chicago, Philadelphia ndi San Francisco amene anagwira ntchito pakati pa 1950 ndi 2009. Poyerekeza ndi anthu ena onse a m'dzikolo, opezeka ndi khansa anachulukirapo ndi 9 peresenti, ndipo omwalira nayo anachulukirapo ndi 14 peresenti. Zinthu ziwirizi muzisindikize n'kuziika koyambirira kwa fayilo yanu, chifukwa mudzazifuna pokaonana ndi dokotala.

Muyeneranso kumvetsa mmene poizoniyo amalowera m'thupi, kuti mudziwe umboni woyenera kusonkhanitsa. Nyumba za masiku ano zadzaza ndi mapulasitiki, siponji za m'mipando, penti ndi mawaya okutidwa. Zikapsa zimatulutsa benzene, formaldehyde ndi mankhwala okhala m'mwaye otchedwa PAH. Ena amalowa popuma, makamaka moto ukazima anthu n'kuvula masiki pamene akufukula zotsalira kusakasaka makala obisala. Ena amalowera pakhungu, m'khosi, m'nsagwada ndi m'manja, thupi litatentha. Impso zimasefa zambiri mwa zimenezi n'kuzitumiza m'chikhodzodzo, mmene zimakhala maola angapo zikukhudza khoma lake. Dokotala atandifotokozera zimenezi ndinakumbukira mapilo aja, ndipo ndinalephera kuyankhula. Palinso utsi wa dizilo wa magalimoto akamalizidwa m'kati mwa siteshoni, umene IARC inauika m'Gulu 1 mu 2012, ndiponso thovu lozimitsira moto wa mafuta lokhala ndi mankhwala a PFAS. Amodzi mwa mankhwala amenewa, PFOA, analowa m'Gulu 1 mu 2023.

Kenako pezani lamulo la kumene mukugwira ntchito. Mwachizolowezi wogwira ntchito akadwala ndi iyeyo amene amayenera kuonetsa kuti ntchito ndiyo yamudwalitsa. Pa khansa zimenezi n'zovuta kwabasi, chifukwa palibe dokotala angaloze moto umodzi wa zaka 12 zapitazo n'kunena kuti ndi uwu. N'chifukwa chake madera ambiri anakhazikitsa malamulo osamutsa mtolowo. Ngati khansa yanu ili pamndandanda ndipo mwakwanitsa zaka zofunika, lamulo limaitenga kuti yachokera kuntchito, ndipo amene akukana ndiye abweretse umboni wake. Mawu oti muwafufuze m'lamulomo ndi akuti presumption. California inakhazikitsa lake mu 1982, Manitoba inatsogolera zigawo za ku Canada mu 2002, nyumba ya malamulo ya Australia inavomereza lake mu 2011, ndipo ozimitsa moto olembedwa ndi boma lalikulu la United States analandira lawo mu Disembala 2022. Pemphani bungwe lanu la ogwira ntchito kuti likupatseni lamulo lenilenilo monga lilili lero. Ife tinadalira chidule chomata pakhoma la siteshoni kwa miyezi iwiri, chikhalirecho chinali chakale.

Lamulolo muliwerenge pensulo ili m'manja, chifukwa mumabisala zinthu zazing'ono zimene zimagwetsa mapempho ambiri. Chachikulu ndi malo amene khansa inayambira. Malamulo ambiri amawerengera kumene khansa inayamba, osati kumene yafalikira. Munthu akhoza kukhala ndi chotupa mu ubongo, koma ngati chinachokera kumapapo, pa lamulo imeneyo ndi khansa ya m'mapapo, ndipo zofunika zake n'zina. Choncho musalembe pafomu zimene mukumva m'makonde a chipatala. Koperani liwu ndi liwu dzina limene lili pa lipoti la kulabu, la kachidutswa kamene anadula kukayeza.

Ndiye pali zaka. Khansa iliyonse imakhala ndi zaka zake zimene munthu ayenera kukhala atagwira ntchito. Lamulo la ku Australia la 2011 linaika zaka 5 pa khansa ya ubongo ndi ya m'magazi yotchedwa leukemia, zaka 10 pa ya m'mawere ndi ya mavalo, ndi zaka 15 pa ya chikhodzodzo, ya impso ndi ya prostate. Lamulo la ozimitsa moto a boma lalikulu la United States limafuna zaka 5. Onaninso ngati lamulo likuwerengera ozimitsa moto ongodzipereka ndi aganyu, chifukwa ena amawawerengera pamene ena ayi. Ngati munasiya kale ntchito, onani kuti chitetezo chimapitirira mpaka liti. Ku California chimapitirira miyezi itatu pa chaka chilichonse chimene munagwira, mpaka miyezi 120. Munthu amene anagwira zaka 20 ali ndi miyezi 60 chichokereni pa ntchito, ndipo khansa ikapezeka mwezi wa 61, mtolo wa umboni wabwerera pamutu pake.

Fodya nayenso amalowa m'malamulo ambiri. Zigawo zingapo za ku Canada zimavomereza khansa ya m'mapapo kwa osasuta okha. Ku Florida lamulo la 2019 limatchula mitundu 21 ya khansa ndipo limapereka $25,000 kamodzi pamodzi ndi chithandizo cha mankhwala, koma kwa munthu amene wagwira ntchito zaka 5 zotsatizana ndipo sanagwiritse ntchito fodya pa zaka 5 zapitazo. Dongosolo limenelo linapangidwa ngati njira ina m'malo mwa chipukuta misozi cha nthawi zonse, choncho musanasainire chithandizo chilichonse chapadera, funsani ngati kuchilandira kukutsekerani khomo lina.

Mukangomva za matendawo, dziwitsani akuntchito polemba, sabata yomweyo. Ndikudziwa kuti nthawi imeneyo mutu sugwira, munthu umangoganiza za opaleshoni ndi ana. Koma masiku amawerengedwa. M'zigawo zambiri za ku United States muli ndi masiku 30 okha odziwitsa bwana, ndipo nthawi yopereka pempho lenileni imakhala chaka chimodzi kapena ziwiri. Pa matenda obwera pang'onopang'ono ngati khansa, kawirikawiri amayamba kuwerenga tsiku limene munadziwa, kapena limene munayenera kudziwa, kuti matendawo akukhudzana ndi ntchito. Kalatayo isakhale yaitali. Lembani dzina lanu, nambala yanu ya ntchito, tsiku limene anakupezani ndi matenda, dzina la khansayo, ndi chiganizo chimodzi chonena kuti mukukhulupirira kuti yabwera chifukwa cha ntchito ndipo mukupempha mafomu a chipukuta misozi. Wolandira asainire ndi kulemba deti pa kope lanu. Amuna anga anauza mkulu wa shifiti yawo pakamwa, iye anawakumbatira n'kulira nawo, koma kuofesi kunalibe cholembedwa chilichonse mpaka ine nditapita ndi kalata tsiku la 26.

Tsopano fayilo. Gulani yaikulu yokhala ndi magawo, ndipo pepala lililonse limene mwapereka kwina mukhale ndi kope lake, komanso chithunzi chake pafoni. Muikemo lipoti la kulabu ndi malipoti onse a chipatala, kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro, ndi zotsatira za kuyezedwa thupi pamene munkayamba ntchito, chifukwa zimaonetsa kuti munalowa muli bwinobwino. Pemphani kuofesi mndandanda wa moto wonse umene munapitako. Muikemonso ziphaso za maphunziro, makamaka amene munkazimitsa moto woyeserera kapena kugwiritsa ntchito thovu, poti amenewo amaiwalika pamene munthu amakhala mu utsi tsiku lonse.

Apa m'pamene ife tinagwera. Lamulo lathu linkafuna zaka 15 pa khansa ya chikhodzodzo. Amuna anga anali ndi 19, koma a inshuwalansi, amene amalipira chipukuta misozicho, anawerenga 13 zokha, chifukwa zaka 6 zoyambirira anagwira ku gulu lina lozimitsa moto limene pambuyo pake linaphatikizidwa ndi lina, ndipo mapepala ake sanalowe m'kompyuta. Kalata yokana inali ya tsamba limodzi. Amuna anga anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kunena kuti, "Basi Mayi, zisiyeni, ndatopa." Usiku umenewo ndinakumbukira katoni ya pamwamba pa wodilopu. Munali timabuku tating'ono ta m'thumba la shati, tina tokhala ndi zidindo za zala zakuda, mmene iwo ankalemba maola owonjezera kuopa kuwaberedwa pa malipiro. Tsamba lililonse linali ndi deti, mtundu wa moto ndi maola: nyumba, maola 4, mosungira matayala, maola 11, galimoto yamafuta, thovu, maola 6. Sankalembera khansa, ankalembera ndalama. Koma timabuku timeneti, pamodzi ndi mapepala akale a penshoni ndi makalata olumbira a anzawo awiri amene anali nawo shifiti imodzi, ndi zimene zinabweza zaka 6 zija.

Kalata ya dokotala wanu ndi pepala lolemera kuposa onse, ndipo madokotala ambiri a khansa sadziwa mmene iyenera kulembedwera, poti ntchito yawo ndi kuchiza. Dokotala wathu poyamba analemba kuti n'kutheka kuti ntchito inathandizira. Mawu akuti "n'kutheka" sapita patali pamaso pa oweruza nkhanizi. Chimene amafuna ndi maganizo a dokotala akuti mwayi woti ntchito ndiyo inayambitsa kapena inathandizira kwambiri matendawo ukuposa theka. Pemphani nthawi yapadera yokambirana zimenezi. Mutengereni tsamba limodzi lofotokoza ntchito yanu: zaka, kuchuluka kwa moto, mitundu yake, thovu, utsi wa dizilo, ndi chigamulo cha IARC chija. Musamuuze zolemba. Mupatseni zoona zonse, mufunse ngati angaime pa mawu amenewo. Ngati pali dokotala wa matenda a kuntchito, pemphani kuti akutumizeni kwa iye.

Pa za fodya nenani zoona kuyambira tsiku loyamba. Kusuta ndi chinthu chachikulu kwambiri choyambitsa khansa ya chikhodzodzo, ndiye a inshuwalansi amayamba kufufuza pamenepo. M'fayilo yakale ya chipatala munali mzere umodzi woti amuna anga anasutapo, ndipo anautchula m'kalata yokana ija. Zoona zake n'zakuti anasuta zaka ziwiri ali mnyamata, n'kusiya asanayambe ntchito. Chifukwa tinali titazinena kale tokha pafomu, dokotala anatha kulemba kuti zaka ziwiri za kalekale sizingafanane ndi zaka 19 za mwaye. Tikanabisa, zonse zimene tinanena zikanakayikiridwa.

A inshuwalansi adzakutumizani kwa dokotala amene asankha okha. Pitani, chifukwa kukana kukhoza kuimitsa pempho lanu, koma musapite nokha. Wokuperekezani alembe nthawi imene mwalowa, imene mwatuluka ndi mafunso amene afunsidwa. Ndipo inu ozimitsa moto, chonde, tsiku limenelo siyani chizolowezi chanu choyankha kuti "ndili bwino". Ndawaona amuna anga akunena mawu amenewo atagwira khoma chifukwa cha ululu. Dokotalayo amalemba zimene wamva. Nenani kangati mumadzuka usiku kukakodza, nenani kuti simungathenso kukwera makwerero mutasenza silinda ya mpweya, nenani za mantha amene amakugwirani tsiku loyezedwa likamayandikira. Pambuyo pake pemphani kope la lipoti lake.

Akakukanani, yang'anani kaye deti lomaliza lochitira apilo. Limakhala m'kalata momwemo, kawirikawiri kumapeto, ndipo nthawi yake imakhala yaifupi. Lilembeni pakhoma. Kenako werengani chifukwa chenicheni chimene akanira n'kuyankha chimenecho basi, ndi mapepala. Apa m'pofunika loya amene amagwira nkhani za chipukuta misozi cha ogwira ntchito, makamaka amene anathandizapo ozimitsa moto, ndipo bungwe la ogwira ntchito limawadziwa. Ku United States maloya ambiri a nkhanizi amalipidwa gawo la zimene mwapambana, ndipo gawolo limakhala ndi malire oikidwa ndi lamulo kapena limavomerezedwa ndi woweruza. Kulikonse kumene muli, mgwirizano wa malipiro ukhale wolembedwa musanayambe. Ine ndikuona kuti tikanapeza loya pachiyambi pomwe, zaka 6 zija akanaziona tisanapereke fomu.

Ngati kwanuko kulibe lamulo lotere, kapena khansa yanu siili pamndandanda, pempho likhoza kuperekedwabe monga la matenda a kuntchito. Kungoti umboni wonse mubweretsa ndinu, ndipo kalata ya dokotala ndi mbiri ya moto umene munapitako ziyenera kukhala zolimba kwambiri.

Pempho likavomerezedwa, dziwani zonse zimene muyenera kulandira. Pamakhala ndalama za chithandizo cha kuchipatala, gawo la malipiro a nthawi imene simukugwira ntchito, limene m'zigawo zambiri za ku United States limakhala magawo awiri mwa atatu a malipiro anu mpaka pa malire ena, ndalama za kulumala kosatha ngati thupi silinabwerere mwakale, ndipo nthawi zambiri ndalama zoyendera popita kuchipatala. Sungani malisiti onse ndipo lembani ulendo uliwonse. Munthu akamwalira, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana amakhala ndi gawo lawo pamodzi ndi ndalama za maliro. N'zowawa kuzilemba, koma achibale aonetsetse kuti chiphaso cha imfa chatchula khansayo ndi dzina lake, chisangoti mtima unaima kapena chibayo.

Chenjerani ndi ndalama za nthawi imodzi zotsekera nkhani yonse. Ifenso anatipatsa mwayi umenewo, ndipo chiwerengerocho chinkaoneka chachikulu pa nthawi imene ngongole zinali zitatipanikiza. Koma m'pepalamo munali mzere wonena kuti chithandizo cha mtsogolo chidzakhala pa ife. Khansa ya chikhodzodzo imakonda kubwerera. Atachotsa chotupa, amuna anga ankalandira mankhwala a BCG olowetsedwa m'chikhodzodzo kudzera m'kapaipi kamodzi pa sabata kwa milungu 6, ndipo ankabwera kunyumba akunjenjemera ngati wamalungo. Kenako kakamera kaja miyezi itatu iliyonse. Tinakana ndalamazo n'kusunga ufulu wa chithandizo. Chaka chachiwiri anapezanso kachotupa kakang'ono, anakachotsa, ndipo sitinalipire kanthu.

Kwa inu amene mudakali athanzi ndipo mukuwerenga izi pa shifiti yausiku, gulani kabuku mawa. Mukabwera kumoto uliwonse lembani deti, malo, chimene chinkapsa, maola amene munakhalako, ntchito imene munagwira, ngati munagwiritsa ntchito thovu, ndi nthawi imene munavula masiki. Kabukuko kazikhala kunyumba, chifukwa masiteshoni amasamuka ndipo makompyuta amasinthidwa. Pemphani kope la kuyezedwa thupi kulikonse. Amene muli ku United States mukhoza kulembetsa ku National Firefighter Registry, kaundula amene NIOSH inatsegula mu 2023 kutsatira lamulo la 2018. Musavule masiki pofukula zotsalira, pukutani khosi, nkhope ndi manja musanachoke pamalo a moto, sambani mukangofika, chapani zovala za moto, ndipo musazilowetse m'galimoto ya banja kapena m'chipinda chogona. Amuna anga ankanyadira chipewa chawo chakuda ndi mwaye, ankati chimaonetsa munthu amene waona moto, ndipo mwana wathu wamng'ono ankachivala posewera. Ndikamaganiza zimenezo mtima umandipweteka mpaka lero. Mukaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu, pitani kuchipatala sabata yomweyo ndipo muuzeni dokotala ntchito imene mumagwira, ailembe m'fayilo.

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wa kusiteshoni kwawo kuja, wazaka 24, amene wangomaliza chaka choyamba pa ntchito. Anati, "Bambo, ndamva kuti muli ndi timabuku, ndingationeko?" Amuna anga anatsitsa katoni ija n'kukhala naye patebulo mpaka kunja kunada, akumuonetsa mmene angagawire tsamba, ndipo anamuuza kuti awonjezere mzere wa thovu ndi wa masiki, imene iwo sankailemba nthawi zonse. Kuyezedwa kwawo kotsatira ndi Lachiwiri likubwerali, ndipo fomu ya ndalama zoyendera ndaiika kale m'chikwama.